Achemwali Anga Anawalanda Mawu Kawiri

Achemwali anga a Verna Haskew anawalanda mawu kawiri. Koyamba anali madokotala, ndipo amenewo sindiwasungira mangawa, pakuti akanapanda kuwadula kholingo, khansa ikanawatenga msanga. Kachiwiri anali anthu a mafilimu, ovala bwino, onunkhira bwino, ndipo anachita zimenezi Lamlungu masana, holo itadzaza, anthu akuwomba m'manja. Amenewo sindidzawakhululukira, ngakhale abusa atabwera kunyumba kudzandigwadira.

Ine ndine Glenda, mng'ono wawo. Ndameta ndi kupota tsitsi la azimayi a ku Van Nuys moyo wanga wonse, choncho nkhani za mafilimu ndazimva mpaka kukhuta. Koma iyi sindinachite kumva pampando wa mu saluni, ndinaiona ndi maso angawa.

Tinabadwira ku Bakersfield, kumene bambo athu ankagwira ntchito pazitsime za mafuta. A Verna anabadwa ndi mawu aakulu, osasa, otsika ngati a mwamuna amene wangodzuka kumene. Kusukulu anyamata ankawatcha "Amalume". Mphunzitsi wa kwaya anawaimika kumbuyo kwenikweni n'kuwauza kuti azingoyasamula pakamwa limodzi ndi anzawo, asatulutse kanthu. Anakula akuchita manyazi ndi mawu awoawo, ndipo pagulu ankalankhula pang'ono, maso ali pansi. Fodya anayamba kusuta akadali kamtsikana, ati poti mawuwo ndi oonongeka kale.

Anakwatiwa ndi Doyle n'kusamukira naye ku Los Angeles kuno, ine n'kuwatsatira pambuyo. Doyle anali munthu wofunafuna. M'mawa ankafuna makiyi, masana ankafuna ntchito, madzulo ankafuna chifukwa chimene sanapezere ntchito. Chinthu chokha chimene anapeza pamoyo wake ndi mkazi wina wogulitsa mowa ku Reno, ndipo anapita osabweranso. Achemwali sanalire pamaso panga. Anangoti, "Bola wapezako kanthu," n'kuyatsa ndudu ina.

Ntchito yawo inali yoyankha mafoni a anthu. Masiku amenewo ukachoka pakhomo, foni yako inkakalira ku kampani ina, kumene azimayi ankakhala pamzere, zomvetsera zili m'makutu, n'kumakusungira mauthenga. Kumeneko ndiye mawu aja anapeza pogwira. Munthu aimbe atalusa chotani, akangomva a Verna akuti, "Palibe, ndikusungireni uthenga?" ankazizira yekha. Bambo wina wogulitsa nyumba anawatumizira maluwa nyengo yonse yachisanu, kenaka analimba mtima n'kubwera kudzawaona. Anapeza mayi wamkulu thupi, wa magalasi, akudya buledi wopaka chiponde, ndipo anamufunsa kuti, "Pepani mayi, a Verna ndingawapeze kuti?" Achemwali anangopukusa mutu, osatsegula pakamwa, kuti asamukhumudwitse. Maluwa anapitiriza kubwera kwa kanthawi ndithu.

Mmodzi mwa makasitomala awo anali Bambo Sarkis Dadian, munthu wamfupi, wadazi, amene ntchito yawo inali yolumikiza mawu ndi zithunzi m'mafilimu. Tsiku lina m'chaka cha 1973 anaimba kuti amve mauthenga awo, ndipo atamva anati, "Mayi, tabwerezani."

"Ndi womwewo, bambo. Akazi anu akuti mugule mazira."

"Za mazira ndamva. Ndikufuna ndimvenso inuyo. Lolemba mumakhala kuti?"

"Ndine wokwatiwa," achemwali ananama.

"Nanenso ndine wokwatira, mwamva nokha za mazirazo. Ndikunena za ntchito."

Filimu yake inali Dziwe Louma. Mafilimu akale a ofufuza milandu tinkawadziwa tonse: mwamuna wa chipewa, wochenjera, wa nkhonya zolimba, ndipo pomaliza amaloza wakupha, aliyense n'kupita kwawo mtima uli m'malo. Alden Prewitt, mwamuna wandevu amene ankatsogolera filimuyi, anafuna kutembenuza zonsezo chadodolido. Wofufuza wake, Roy Tackett, ndi bambo wotopa, wa zilonda zam'mimba, woyenda ndi botolo la mkaka m'galimoto yochita kukankha. Mayi wina wolemera amamulemba ganyu kuti afunefune mtsikana wosowa. Iye amazungulira tauni yonse, amamenyedwa, amanamizidwa, ndipo sapeza kanthu. Mtsikanayo n'kuti ali pansi pa simenti ya dziwe losambiramo la mayi yemweyo, pamalo pamene Tackett amaima kangapo konse akumwa mkaka wake. Pomaliza mayiyo amamuimbira foni n'kumuuza chifukwa chimene anamusankhira.

Mbali ya mayi wolemerayo anaipatsa Marit Solberg, mtsikana wa ku Norway wokongola zedi. Koma Chingerezi chinkamuvuta, ndipo mawu ake anali aang'ono, opyapyala, ngati a mwana wa sukulu amene akupempha kutuluka panja. Prewitt atawamvetsera bwinobwino anagwira mutu. Ndi iyeyo amene anatuma a Dadian kuti apeze mawu ena, palibe anamukakamiza. Musaiwale zimenezi.

Lolemba saluni sititsegula, ndiye ndinkawaperekeza. Ankatilowetsa m'chipinda chamdima ku Burbank, makoma ake okutidwa ndi zofewa kuti phokoso lisalowe. Ankadula kachidutswa ka filimu n'kumata mutu ndi mchira wake, ndipo kankangozungulira pamakina, nkhope ya Marit ikunena chiganizo chomwecho, kubwereza, kubwereza. Kabelu kakalira m'makutu, iwe uziyamba kulankhula molingana ndi milomo yake. Ukachedwa pang'ono, yambiranso. Ukafulumira, yambiranso. Achemwali anaima pamaikolofoni imeneyo milungu ingapo, akachoka pamenepo n'kuthamangira basi kuti akayankhe mafoni.

Tsiku la mawu omaliza ndinalipo. Pachithunzi Marit wagwira foni, akuti, "Bambo Tackett, ndinafunsa tauni yonse kuti ndani amene sapeza kanthu. Onse anatchula..." kenaka amaima, kukamwa kuli yasa, asananene kuti "inu". Sikuti anali ndi nzeru ina yake ayi. Anangoiwala, ndipo a Dadian anatiuza okha kuti anachita kumukumbutsa munthu wa kumbali. Mpata umenewo unawasautsa onse. Achemwali akafika pamenepo ankangodikira, ndipo zinkamveka ngati makina aima. Atabwereza mpaka kutopa, anaseka pang'ono ndi mphuno, kaseko kowawa kamene ndinkakadziwa bwino, chifukwa ndi kamene ankamuseka nako Doyle akabwera chimanjamanja. Kenaka anaponya liwu lomaliza lija.

Prewitt anadzambatuka pampando. "Amenewo ndiye mawu. Sarkis, wajambula? Mayi, mwandipulumutsira filimu." Anawapsompsona pamphumi. Ndinali pomwepo, ndipo ndevu zake zinali ndi nyenyeswa za donati.

Potuluka, a Dadian anatigulira khofi pakalesitilanti ka pakona.

"Mayi Haskew, mukudziwa mmene timachitira kuno," anatero. "Dzina lanu silituluka pafilimu. Nkhope ndi ya Marit, ndiye mawunso ndi a Marit. Mukauza munthu, mwamupha mtsikana uja, ndipo inenso mwandichotsetsa ntchito."

"Nanga iwowa apindulapo chiyani?" ndinafunsa ine.

"Alipidwa, mayi. Ndipo ndiziwaitana pa zina."

"Khala chete, Glenda," achemwali anatero, n'kugwirana nawo chanza. Panalibe pepala lililonse. Chanza chokhacho anachisunga kuposa mmene anthu ena amasungira ukwati.

M'basi ndinawakalipira njira yonse. Anandisiya ndithe mpweya, kenaka anati, "Dzina alisunge, ndilibe nalo ntchito. Ine ndikufuna chimodzi chokha. Ndikadzimve m'holo yaikulu, mdima uli bii, anthu ali chete, akumvera ine. Ine amene ankandiuza kuti ndizingoyasamula."

Filimu inatuluka n'kugwa chagada. Anthu analipira kuti akaone wakupha akugwidwa, ndipo anatuluka akutukwana. Wa nyuzipepala wina analemba kuti wofufuza wotereyu sangapeze ngakhale chitseko cha nyumba yake. Sabata imene inayamba kuonetsedwa, achemwali anali pantchito tsiku lililonse chifukwa anzawo anagwidwa ndi chimfine. Tsiku lawo lopuma litakwana tinatchena, tinakwera basi, ndipo tinakapeza munthu ali pamakwerero akuchotsa zilembo za Dziwe Louma n'kumaika za filimu ina ya galu wanzeru. Achemwali anayang'ana m'mwambamo kwa kanthawi. "Tiye tikaone galuyo, poti tavala kale," anatero. Kampani ya filimuyo inasonkhanitsa makope onse a m'maholo n'kuwataya kuti asadzaze nyumba yosungiramo katundu, monga inkachitira ndi filimu iliyonse imene yaichititsa manyazi.

A Dadian sananame, ankawaitanadi. Ankakakuwa m'malo mwa mkazi wogwa padenga, kung'ung'udza m'chigulu, kapena kunena kuti "dikirani pang'ono" pafoni ya m'filimu. Zonsezo zinali tizidutswa. Malo okha amene mawu awo anayenda utali wonse, akuseka, akunama, akuopseza, anali mu Dziwe Louma.

Ndiye filimu yakufayo inayamba kutukula mutu. A wailesi yakanema anaigula motchipa n'kumaiponya masana mvula ikalepheretsa mpira. Marit anafa pangozi ya galimoto kwawo ku Norway, ndipo tauni ino imakonda mkazi wokongola akafa kuposa ali moyo. Anthu a ku France, amene amatola chilichonse chimene ife tataya, analemba kuti ndi filimu yokhayo imene inanena zoona za dziko lathu. Itatuluka pakaseti ya vidiyo, a m'sukulu zaukachenjede anayamba kuilembera mabuku. Nyuzipepala yomwe ija inaitukwana inaiika m'gulu la mafilimu opambana a zaka zimenezo, osachita ndi manyazi omwe. Ndipo onsewo ankatamanda chiyani? Mawu a Marit. Pulofesa wina analemba mutu wathunthu wa buku wonena za kaseko kaja, ati ndi kaseko ka America yense atazindikira kuti palibe womupulumutsa. Anali Doyle, bambo pulofesa. Anali Doyle ndi makiyi ake.

Prewitt naye anadzuka limodzi ndi filimu yake. Tsiku lina tinamuona pakanema, atapinda miyendo, akufotokoza mmene anavutikira ndi Marit masiku ambirimbiri kuti kaseko kameneko katuluke. Ndinavula silipasi kuti ndigende kanemayo. Achemwali anandilanda n'kunena kuti kanema ndi wawo, ndikagende wanga.

Zinafika mpaka mu saluni mwanga. Mayi wina, mutu wake uli m'manja mwanga, ankasimbira mnzake za mwamuna wake. Anatsitsa mawu dala n'kunena kuti, "Onse anatchula..." kenaka n'kuseka ndi mphuno. Saluni yonse inafa ndi phwete.

"Marit yekha uja," anatero mayiyo. "Mawu ngati amenewo sadzabadwanso."

Ine sizasi ili m'manja. Ndinamudula lalifupi kuposa mmene anapemphera, ndipo sindinapepese.

Nditatseka ndinalunjika kwa achemwali. Ndinawapeza akuthirira matimati awo kuseri kwa nyumba, ndudu ili pakamwa.

"Achemwali, mundilole ndiimbire a nyuzipepala."

"Ukawauze chiyani?"

"Zoona zake. Anthu atchuka ndi mawu anu, inu mukuyankhabe mafoni a madokotala a mano."

"Ndinagwirana chanza ndi Bambo Dadian."

"Bambo Dadian anapuma ntchito kalekale, akuweta nkhunda ku Glendale. Marit anafa. Mukuteteza ndani?"

"Iwe Glenda, pakamwa pakopo mpamene panathawitsa amuna awiri."

"Wanu anathawa muli chete."

Anaseka, kaseko komwe kaja, n'kundithira madzi kumapazi. "Adzaionetsanso m'holo tsiku lina, udzaona. Ndikadzadzimva, zanga zatha."

Ndisaname, nawonso ankandipsetsa mtima. Ankakhulupirira kuti ukasunga mwambo wa anthu, anthuwo nawo adzakusunga. M'tauni muno, kumene munthu amakupsompsona pamphumi uku akuiwala dzina lako.

Cha m'ma 1990 mawu a achemwali anayamba kusasa kuposa kale, ndipo palibe anazindikira msanga chifukwa anali osasa chibadwire. Pamene dokotala ankawaona, n'kuti zitafika patali. M'mawa wa tsiku lopita kuchipatala anandiuza kuti ndiike kaseti ija. Tinakhala pasofa, chikwama cha zovala chili pakhomo, mawu akutuluka pakasipika ka kanema wawo wamng'onoyo ngati munthu akulankhulira m'chitini.

"Si amenewa," anatero. "M'chipinda chija ankagwedeza pansi. Ndinkawamva m'mapazi."

Anatuluka m'chipatala ndi kabowo pakhosi, kamene ankakaphimba ndi kansalu, ndiponso kachipangizo kooneka ngati tochi. Ukakagunditsa pakhosi n'kudina, kamalira ngati makina ometera, ndipo pakamwa pamasandutsa kulirako kukhala mawu. Ana m'sitolo ankabisala kumbuyo kwa amayi awo. Ntchito ya mafoni inathera pomwepo. Koma achemwali sanagonje. Anakaphunzira kachipangizoko mpaka kukazolowera, ankakangana nako ndi oyendetsa basi, ankandinyoza nako tsiku ndi tsiku. Chimene chinapita osabweranso ndi kaseko kaja, chifukwa mpweya sunkadutsanso m'mphuno.

M'chaka cha 2004 nyuzipepala inalemba kuti filimu yoyambirira ya Dziwe Louma yapezeka mu mgodi wakale wa mchere ku Kansas, kumene makampani amasunga zinthu zoterezi kuti zisaole, ndipo bungwe lina losamala mafilimu akale likuikonza kuti ionetsedwe m'holo yaikulu. A Dadian n'kuti atamwalira. Achemwali anawerenga, anaika nyuzipepala pathebulo n'kufufuza kachipangizo kawo.

"Chanza chinapita ndi mwini wake," anatero. "Aimbire a bungwelo. Uwauze kuti ndikufuna mpando wapakati."

Anayankha mayi wina dzina lake Tamsin Orloff, wa mawu otsekemera.

"Mukunena zoona? Takhala tikufunafuna kuti mawu aja anali a ndani. Ali moyo?"

"Ali moyo, koma mawu alibe. Anawadula kholingo. Filimu imeneyi ndi malo okha amene mawu awo atsala, ndipo sanaimvepo m'holo chiyambire."

Pamenepo n'kuti Tamsin akudziwa bwino lomwe zimene iye ndi anzake anachita, ndipo akanatha kunena. Anangoti, "Mubwere nawo ndithu. Bambo Prewitt adzawatchula pamaso pa anthu onse."

Lamlungu limenelo ndinawakonza tsitsi ndekha, ndinawaveka diresi lobiriwira ndi kansalu ka silika pakhosi. M'galimoto anagunditsa kachipangizo n'kundichenjeza kuti, "Ukayamba kulongolola filimu ili mkati, ndikutsina."

Holo inali yamakedzana, ya makatani ofiira, yodzaza mpaka m'mwamba. Pamzere wolowera tinaima kumbuyo kwa bambo wina wa magalasi, atavala malaya olembedwa mawu omaliza aja pachifuwa. Anatembenuka n'kutifunsa ngati tinaionapo. "Ine ndinaiona mpaka kaseti kuduka," anatero. "Dikirani mumve mawu a mayi ameneyu, simudzaiwala." Achemwali anamwetulira n'kugwedeza mutu. Olandira alendo anatikhazika pakati, monga anapemphera, bambo uja ali kutsogolo kwathu. Achemwali anavula nsapato mwakachetechete n'kuponda pansi ndi mapazi onse awiri.

Prewitt anakwera pansanja ndi ndodo, ndevu zitayera. Anadikira kuti m'manja muthe.

"Filimu iyi anandibera," anatero. "Mabwana a kampani atamva mawu a Marit anati ndi achilendo, ndipo anandikakamiza kuwachotsa n'kuikapo a munthu wina. Ndakhala ndi bala limeneli zaka zonsezi, osauza aliyense. Koma mu mgodi muja tinapezamonso matepi amene tinajambula nthawi imeneyo, Marit akulankhula yekha. Lero, kwa nthawi yoyamba, mumva filimu imene ine ndinapanga."

Holo yonse inawomba m'manja. Munthu yemwe uja wa nyenyeswa za donati, yemwe uja anavutika ndi Marit masiku ambirimbiri kuti aseke, lero anali woberedwa. Palibe anadzuka kumufunsa kuti nkhani ziwirizi yoona ndi iti. Kampani inkafuna chifukwa choti anthu agulenso filimu imene anali nayo kale kunyumba, ndipo iye anawapatsa.

"Ndauzidwanso kuti mayi amene anagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo ali nafe," anapitiriza. "Mayi Verna Haskew, muli pati? Iwowa sanalakwe kanthu, anangochita zimene anauzidwa. Taimirirani tikuoneni."

Getsi linatipeza. Achemwali anaimirira, opanda nsapato. Anthu anawomba m'manja mwaulemu, mmene amamuwombera munthu amene wavomera kulakwa kwake. Zaka zonse zija ndinkalimbana kuti dzina lawo litchulidwe, ndipo linatchulidwadi, momveka bwino, pa tsiku limene ankawachotsamo.

"Tiyeni tizipita," ndinatero magetsi akuzima. "Apo ayi mundisiye ndikamuzule ndevuzo."

Anandigwira mkono n'kundikokera pampando. Kachipangizo sanakatulutse, anangoloza kutsogolo. Ndikuganiza kuti ankayembekezabe kuti mwina penapake asiyako, kaya chiganizo chimodzi, kaya mpweya wokha.

Sanasiyeko kanthu. Zithunzi zinali zokongola, zimenezo ndivomera, dziwe lija likuoneka mng'alu uliwonse. Koma Marit atatsegula pakamwa panatuluka timawu take tija. Marit sindimuda ayi, anayesetsa, ndipo nayenso palibe anamufunsa, kale kapena lero. Koma mayi wolemera amene ankanjenjemeretsa tauni yonse tsopano ankamveka ngati akupepesa. Anthu ena anayamba kusunthasuntha m'mipando. Komabe anali atauzidwa kuti ichi ndiye chenicheni, ndipo anthu a kuno akauzidwa zimenezo amameza osatafuna. Ndinayang'ana pansi, mapazi a achemwali anali pomwe paja.

Tinafika pa foni ija. "Bambo Tackett, ndinafunsa tauni yonse kuti ndani amene sapeza kanthu. Onse anatchula..." Marit anaima, kukamwa kuli yasa, ndipo m'masipika aakuluwo munali zii. Koma mumdimamo ndinamva chinthu china. Uku ndi uku, kutsogolo, m'mwamba, anthu amene analoweza filimuyi pamakaseti awo anaseka okha ndi mphuno, motsitsa, osadziwa n'komwe kuti akutero. Holo yonse inali kuseka kaseko ka achemwali anga, eni ake ali pakati pawo, osatha kukaseka.

Achemwali anapisa dzanja m'chikwama. Anagunditsa kachipangizo pakhosi, anadina, ndipo m'holo monse munamveka kulira kwa makina ometera kukunena kuti, "Inu."

Bambo wa magalasi uja anatembenuka. Sanakalipe. Analankhula mwaulemu ndithu, ndipo chimenecho ndi chimene chimandiwotcha mpaka lero.

"Mayi, chonde tazimitsani chinthucho. Tadikira nthawi yaitali kuti timve mawu enieni."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo achemwali ananditsina, monga analonjezera. Anawerama n'kuvala nsapato zawo. Kachipangizo kaja sanakabwezere m'chikwama chawo, anakaponya m'changa.

M'mawa mwake nyuzipepala inalemba kuti mpata wopanda kanthuwo ndi waluso kuposa kaseko kakale, ndipo kuyambira chaka chimenecho filimu imene imagulitsidwa ndi yatsopanoyo. Achemwali anakhalabe ndi moyo chaka china ndi miyezi. M'mawa uliwonse ndinkapita kwawo ndisanatsegule saluni, n'kuika kachipangizo kaja pathebulo pafupi ndi khofi wawo, mabatire ali atsopano. Khofi ankamwa. Kachipangizoko sanakagwirenso.